Lamya ya M'manja Itchula Nyenyezi Maina, Koma Mdima Woonera Ukuchepa

Kale munthu akafuna kudziwa dzina la nyenyezi ankafunsa agogo ake pabwalo moto utazilala, ndipo akafuna kudziwa zoposa pamenepo ankayenera kupeza mabuku a mtengo wapatali ndi mapu a kuthambo amene ankasungidwa m'masukulu akuluakulu okha. Lero zinthu zasintha. Lamya ya m'manja, imene ambiri angoitcha foni, yomwe ija titumizira ndalama kumudzi ndi kufunsira mitengo ya soya, ikhoza kuuza mwini wake dzina la nyenyezi yowala imene wailoza, nthawi imene idzatuluke mawa, ndi tsiku limene kadamsana adzaoneke.

Nkhani imeneyi tifuna kuifotokoza bwino kwa awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi ana a sukulu, pakuti muli maphunziro aakulu osalira ndalama zambiri. Komanso muli chinthu china chimene midzi yathu yambiri ikadali nacho pamene maiko olemera anachitaya kale, ndicho mdima wa usiku. Lamya ingathe kutchula maina, koma kumene mdima watha palibenso nyenyezi zoti zitchulidwe.

LAMYA IDZIWA BWANJI?

Ena ayesa kuti lamya iona nyenyezi ndi kamera yake. Si choncho ayi. Mungathe kuiloza pansi, ndipo idzakuonetsani nyenyezi zimene zili kuseri kwa dziko. Chimene ichita ndi masamu. M'kati mwake muli tizipangizo ting'onoting'ono togwira ntchito zitatu. Koyamba kamamva zizindikiro za masetilaiti a GPS, ndipo kamadziwa malo amene mwaima pamodzi ndi nthawi. Kachiwiri ndi kampasi, kodziwa kumpoto. Kachitatu kamadziwa m'mene mwapendeketsera dzanja lanu. Tsono popeza kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi kanawerengeredwa kale ndi akatswiri, pulogalamu ya m'lamya ingophatikiza zinthu zitatuzi nkujambula pagalasi chigawo cha thambo chimene chili patsogolo panu.

Nzeru imeneyi siinayambire m'lamya. M'chaka cha 2006 kampani ya Celestron ya ku America inatulutsa kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa SkyScout, kamene munthu ankasuzumiramo nkudina batani kuti kamuuze dzina la nyenyezi. Kanali kokwera mtengo ndipo ntchito yake inali imodzi yokhayo. Sipanapite zaka zambiri, malamya anayamba kukhala ndi GPS ndi kampasi, ndipo mu 2009 antchito a Google anatulutsa pulogalamu ya Sky Map yogwira ntchito yomweyo mwaulere. Palinso Stellarium, imene Fabien Chéreau wa ku France anayamba kuikonza mu 2001 kuti izigwira ntchito pa kompyuta, ndipo pambuyo pake inalowanso m'lamya. Ina yodziwika ndi SkySafari ndi Star Walk.

Kwa munthu wa kumudzi mfundo yofunika ndi iyi: mapulogalamu monga Sky Map ndi Stellarium, mukawaika m'lamya kamodzi, amagwira ntchito popanda intaneti, ndipo GPS siidya mayunitsi. Mphunzitsi angathe kuika pulogalamu ali pa boma polandira malipiro, nkukaigwiritsa ntchito kusukulu kumene netiweki siifika.

Koma kampasi ya m'lamya ndi yosachedwa kusokonezeka. Mukaima pafupi ndi denga la malata, galimoto, njinga kapena mjigo, chitsulo chimakoka kampasiyo, ndipo lamya idzakulozerani kolakwika. Chokani pa zitsulo, yendetsani lamyayo m'malere monga mukulemba nambala 8 kangapo, kenaka iyeseni pa mwezi. Ngati mwezi wa pagalasi uli pamodzi ndi mwezi wa kumwamba, ndiye kuti zina zonse zili m'malo mwake.

ZIMENE MAKOLO ANAONA

Tisayese kuti kuyang'ana kuthambo kwabwera ndi malamya. Makolo athu anali ndi maina ao. Kagulu ka nyenyezi zothithikana kamene pulogalamu ikalemba kuti Pleiades ndi Nsangwe, zimene zituluka kum'mawa madzulo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, anthu ali pa kalikiliki wokonza minda. Nyenyezi zitatu zondondozana za m'gulu la Orion ndi Akamwiniatsatana. Mkukuluzi woyera uja wodutsa pakati pa thambo ndi Mlalang'amba, ndipo nyenyezi yowala ya mbandakucha ndi Nthanda.

Mayi Alice Werner, amene anakhala kuno m'zaka za m'ma 1890 naphunzira chinenero chathu, analemba nthano ya Anyanja yonena kuti mwezi uli ndi akazi awiri. Wa kum'mawa, Chekechani, sadyetsa bwino mwamuna wake, kotero mwezi ukapita kwa iye umaonda mpaka kutha. Wa kumadzulo, Puikani, amaudyetsa bwino, ndipo umanenepa. M'nthano imeneyi muli kupenyetsetsa kwenikweni, pakuti zoonadi mwezi wotha umaoneka kum'mawa mbandakucha, ndipo mwezi watsopano umayamba kukula uli kumadzulo. Chimene lamya iwonjezera nchakuti akazi awiriwa ndi mmodzi. Mukatsatira pa pulogalamu mudzaona kuti nyenyezi yowala ya madzulo ndi Nthanda ya m'mawa zonse ndi pulaneti ya Venus, imene ikhala miyezi ingapo kumadzulo, nkusowa, nkudzatulukira kum'mawa, ndipo ulendo wonsewo uibwereza pa masiku 584 alionse.

Mbiri ya Angoni nayo ili ndi chizindikiro chake kuthambo. Mwambo umati tsiku limene Zwangendaba ndi anthu ake anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo dzuwa linada masana. Owerengera za kuthambo anapeza kuti pa 20 Novembala 1835 kunalidi kadamsana wa dzuwa amene anaoneka m'chigawo chino cha Africa, ndipo ndi m'mene tsiku la kuolokako linadziwikira. Mapulogalamu ena amalola munthu kusintha malo ndi kubweza nthawi m'mbuyo. Mphunzitsi wa mbiri akaika malo a Zumbo ndi tsiku limenelo, ana angathe kuona okha mwezi ukulowa kutsogolo kwa dzuwa monga anaonera makolo aja m'mbali mwa mtsinje.

Pali vuto limodzi: maina amene pulogalamu ionetsa poyamba ndi a Chilatini, Chigiriki ndi Chiarabu. Mwana akangodalira lamya adzadziwa Pleiades koma Nsangwe osaidziwa. Nchifukwa chake tinena kuti potuluka usiku mutenge lamya ndi nkhalamba yomwe, ndipo maina amene nkhalambayo itchule alembedwe m'kope. Mau a akulu akoma akagonera, koma akapanda kulembedwa amapita ndi eni ake.

ZOONEKA M'THAMBO LA KUNO

Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo malo amenewa ndi a mwayi. Timaona nyenyezi zambiri za kumpoto, komanso timaona za kum'mwera zimene munthu wa ku London sangazione ali kwao. Madzulo a miyezi ya Epulo mpaka Julayi, kum'mwera kumaoneka nyenyezi zinayi zokhala ngati mtanda, zimene pulogalamu izilemba kuti Crux. Pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoloza mtandawo, ndipo yowala koposa ndi Alpha Centauri, imene mwa nyenyezi zonse zooneka ndi maso usiku ndiyo yapafupi kwambiri ndi ife. Ngakhale ili pafupi chotero, kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kudzafike m'maso mwanu.

Nyengo yabwino koposa ndi ya chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mitambo ya dzinja itachoka ndipo utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke. M'miyezi imeneyi pakati penipeni pa Mlalang'amba, pamene pali powala ndi potambalala koposa, pamadutsa pafupifupi pamutu pathu. Sankhani usiku wopanda mwezi. Maso a munthu amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kwa galasi la lamya kumaononga kuzolowerako m'kanthawi kochepa. Nchifukwa chake mapulogalamu ameneŵa ali ndi posinthira kuti galasi liziwala mofiira, popeza kuwala kofiira sikuvuta maso kwambiri. Mukadziwa dzina la nyenyezi, ikani lamya m'thumba ndi kuyang'ana kumwamba.

Si zonse zowala kumwamba zili nyenyezi. Nthawi zina madzulo kapena mbandakucha kumadutsa chinthu chowala kwambiri, chosaphethira, chopanda phokoso, chimene chimaoloka thambo m'mphindi zowerengeka. Kawirikawiri chimenecho ndi International Space Station, nyumba ya akatswiri a sayansi imene iuluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, nizungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, ndipo mwakhala muli anthu mosalekeza kuyambira mu Novembala 2000. Bungwe la NASA lili ndi pulogalamu yotchedwa Spot the Station yonenera nthawi imene idzadutse. Masiku enanso kumaoneka timiyuni tambiri toyenda pa mzere umodzi, ndito masetilaiti a Starlink amene angoponyedwa kumene. Zinthu zotere zikaoneka anthu osachenjezedwa, mphekesera za ndege za ufiti sizichedwa kubuka, ndipo tidziwa tonse kuti mphekesera zotere zimathera pa nkhalamba zosalakwa. Mphunzitsi amene anganene masana kuti chowala chidzadutsa nthawi yakuti kuchokera mbali yakuti, nkuchitikadi, wathandiza mudzi wonse.

KUJAMBULA NDI ZOONERA PATALI

Diso la kamera ya lamya ndi laling'ono, ndipo kwa zaka zambiri munthu akajambula thambo usiku ankangopeza chithunzi chakuda. Kusintha kunadza pamene malamya anaphunzira kujambula zithunzi zambiri motsatizana ndi kuziphatikiza kukhala chimodzi. Mu 2019 lamya ya Pixel 4 ya Google inabwera ndi njira yojambulira nyenyezi imene isonkhanitsa kuwala mpaka mphindi 4, ndipo chaka chomwecho iPhone 11 inabwera ndi njira yake yojambulira usiku. Lero malamya ambiri a mtengo wapakati ali ndi njira yofanana nayo. Chinsinsi chake ndi kusagwedeza. Tsamiritsani lamya pa njerwa kapena pa thumba la mchenga, gwiritsani ntchito kowerengera nthawi kuti chala chisaigwedeze, ndipo pa malo a mdima Mlalang'amba udzaoneka. Mu Okutobala 2024 anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana anajambula ndi malamya nyenyezi ya mchira yotchedwa Tsuchinshan-ATLAS, imene makina a ku Sutherland m'dziko la South Africa anathandiza kuitulukira mu 2023.

Chipangizo chachiwiri chogwira m'manja ndi magalasi oonera patali a maso awiri, aja agwiritsa ntchito alonda a m'nkhalango za nyama. Amene alembedwa 7x50 kapena 10x50 ndiwo oyenera: nambala yoyamba inena kuti akuza chinthu kangati, yachiwiri inena kutambalala kwa galasi la kutsogolo m'mamilimita. Mukatsamiritsa zigongono pa khoma kapena pa mpando, mudzaona maenje ndi mapiri a pa mwezi, mudzaona kuti Nsangwe ndi nyenyezi makumimakumi, ndiponso pambali pa pulaneti ya Jupiter mudzaona timadontho tosintha malo usiku ndi usiku. Timeneto ndi miyezi inayi imene Galileo anaiona ku Padua mu Januwale 1610 ndi telesikopu yake yaing'ono, ndipo inamutsimikizira kuti si zonse za kuthambo zizungulira dziko lathu. Lamya idzakuuzani dzina la kadontho kalikonse. Mukagunditsa kamera ya lamya pa galasi losuzumirapo, mungathenso kujambula mwezi bwino lomwe.

Kwa sukulu kapena kalabu imene ingasonkhe ndalama, kwabweranso matelesikopu ang'onoang'ono oyendetsedwa ndi lamya, monga Seestar S50 imene inatuluka mu 2023, ya galasi la mamilimita 50. Imeneyi imaloza yokha chimene mwasankha ndi kutumiza chithunzi m'lamya. Koma munthu asayambire pamenepo. Ayambe wadziwa thambo ndi maso ake.

MACHENJEZO AWIRI

Loyamba ndi la dzuwa. Musayang'ane dzuwa ndi magalasi oonera patali kapena telesikopu, ngakhale pa kadamsana, pakuti maso amapsa m'kamphindi ndipo sachira. Magalasi akuda a padzuwa sateteza, ndipo galasi lodetsedwa ndi mwaye nalo siliteteza. Njira yabwino ndi kuboola kabowo kakang'ono pa katoni ndi kuyang'ana chithunzi cha dzuwa chimene chigwera pansi. Akuluakulu akumbuka kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene mzinda wa Lusaka unada bii masana kwa mphindi zoposa 3. Winanso wotere adzadutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho pa 25 Novembala 2030, ndipo kuno dzuwa lidzaphimbika mbali imodzi. Kadamsana wa mwezi, monga wa pa 27 Julayi 2018 ndi wa pa 7 Sepitembala 2025, alibe choopsa chilichonse ku maso.

Lachiwiri ndi la zithunzi. Mu 2023 kunabuka mtsutso pamene anthu anaonetsa kuti malamya ena a Samsung, akazindikira kuti akujambula mwezi, amawonjezera tsatanetsatane pa chithunzi mothandizidwa ndi pulogalamu imene inaphunzitsidwa maonekedwe a mwezi. Kampaniyo inafotokoza kuti njirayo ndi yokometsera chithunzi ndipo munthu angathe kuizimitsa. Phunziro lake ndi lakuti chithunzi chokongola si umboni nthawi zonse. Wofuna kuphunzira sayansi azilemba tsiku, nthawi ndi malo, ndi kujambulanso ndi pensulo chimene maso ake aona.

MDIMA UKUCHEPA

Tsono tifike pa mutu weniweni wa nkhani. Mu 2016 akatswiri otsogozedwa ndi Fabio Falchi wa ku Italy anatulutsa mapu osonyeza kuwala kwa magetsi m'thambo la usiku pa dziko lonse. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse sangathenso kuona Mlalang'amba ali kwao. Ku Ulaya ndi anthu 60 pa 100 alionse, ndipo ku North America ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Maiko amene anthu ake anali ndi thambo la mdima koposa anali a mu Africa: Chad, Central African Republic ndi Madagascar.

Mu Januwale 2023 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wina wotsogozedwa ndi Christopher Kyba wa ku Germany. Iye anasanthula malipoti oposa 51,000 amene anthu wamba anatumiza pakati pa 2011 ndi 2022, ndipo anapeza kuti thambo la usiku linkawalirawalira ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse chaka ndi chaka. Kunena kwina, mwana wobadwira pa malo pooneka nyenyezi 250 adzangoona 100 zokha pofika zaka 18. Koma malipoti ochuluka anachokera ku North America ndi ku Ulaya, ndipo ochokera mu Africa anali ochepa. Kontinenti imene ili ndi mdima wabwino koposa ndiyo imene thambo lake silinayezedwe mokwanira.

Malipoti amenewa anasonkhanitsidwa ndi ntchito yotchedwa Globe at Night, imene inayamba mu 2006, ndipo aliyense angathe kulowamo. Munthu amatuluka usiku wopanda mwezi, patapita ola kapena kuposerapo dzuwa litalowa, nadikira kuti maso azolowere. Kenaka amayang'ana gulu la nyenyezi limene lasankhidwa mwezi umenewo, monga Orion kapena Crux, nafanizira ndi timapu tingapo ta pa lamya, tina ta nyenyezi zambiri, tina ta zochepa. Amasankha kofanana ndi chimene akuona, natumiza pamodzi ndi malo ake. Ntchito yonseyo siposa kotala la ola.

Anthu wamba anathandizapo sayansi m'njira yotere kale. Mu 1956 Fred Whipple wa ku America anakhazikitsa magulu a anthu odzipereka otchedwa Moonwatch, ndipo pamene dziko la Soviet Union linaponya Sputnik pa 4 Okutobala 1957, magulu amenewa, ena a iwo a ku South Africa, anathandiza kutsata njira za masetilaiti oyambirira ndi matelesikopu ang'onoang'ono ndi mawotchi. Chimene iwo anachita ndi zipangizo zimenezo, mwana wa Fomu 2 ku Ntchisi kapena ku Chitipa angathe kuchita chofanana nacho ndi lamya ya aphunzitsi ake.

MAGETSI NDI NYENYEZI

Wina asamve ngati tikudana ndi magetsi. Mudzi uliwonse umene magetsi afika ndi chitukuko chimene tonse tichiyembekeza: chipatala chisunga katemera, mwana awerenga usiku, mayi ayenda pa msika mopanda mantha. Koma kuwala kumene kuphimba nyenyezi ndi kuja kothawira kumwamba, kumene sikuunikira munthu aliyense ngakhale kuti kwalipiridwa. Nyale ya pakhonde kapena ya mumsewu ikavekedwa chisoti choti kuwala kuziloza pansi, njira ioneka bwino ndipo thambo likhala lakuda. Maiko amene anaika nyale zao kale akuononga ndalama zambiri kuti azisinthe. Ife amene tikuika nyale zambiri tsopano lino tili ndi mwayi woziika bwino poyamba pomwe, ndipo makhonsolo, eni masitolo ndi oyang'anira masukulu aganizirepo pogula. Tsoka sasimba, koma mwayi.

Pempho lathu kwa aphunzitsi ndi ili. M'chisanu chikubwerachi sankhani usiku umodzi wopanda mwezi, pemphani chilolezo kwa makolo ndi kwa amfumu, ndipo sonkhanitsani ana pa bwalo la sukulu. Itanani agogo mmodzi kapena awiri odziwa maina akale. Lamya imodzi ikwanira kalasi lonse. Lembani maina a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe pambali pa maina a m'pulogalamu, werengani nyenyezi za mu Crux, ndi kutumiza lipoti lanu mukadzapeza netiweki. Chaka chamawa mudzachitenso chimodzimodzi pa malo omwewo, ndipo kopelo lisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kuti ana amene adzabwere pambuyo adzathe kufanizira thambo lao ndi lanu.